Akuti mwini wake anausiya umwini, nanga tokeni imeneyi ndi yotetezekadi?

Funso: Ndili m'gulu lina la pa Telegram momwe akutilimbikitsa kugula tokeni yatsopano ya pa BNB Chain mtengo usanakwere. Oyendetsa gululo akuti palibe choopa, chifukwa mwini wake anausiya umwini, liquidity anaitsekera kwa chaka chathunthu, ndipo kontrakiti yake inaunikidwa ndi akatswiri. Koma nditaika adiresi ya tokeniyo pa webusaiti ina younika matokeni, yandionetsa machenjezo atatu: kuti kontrakitiyo ndi proxy, kuti pali amene angathe kupanga matokeni ena, ndiponso kuti msonkho wogulitsira ungasinthidwe. Ndikhulupirire ziti? Ndalama zomwe ndikufuna kuikamo ndakhala ndikusunga kwa nthawi ndithu.

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'manja mwanu. Chimene chikukusokonezani n'chakuti mukuganiza kuti pakati pa oyendetsa gulu ndi webusaitiyo, mmodzi akunama. Mwina palibe akunama. N'zotheka kuti umwini anausiyadi, liquidity, kutanthauza ndalama zoikidwa pa msika kuti malonda a tokeniyo azitheka, anaitsekeradi, lipoti la ounika lilipodi, koma munthu wina n'kukhalabe ndi mphamvu zokokolola ndalama zonse usiku umodzi. Zitatu zimene akukuuzanizo zimatseka makomo atatu okha, pomwe machenjezo mwaonawo akuloza makomo ena amene ali chitsegukire.

Tiyambe ndi chinthu chimene mukugulacho. Anthu ambiri amaganiza kuti akagula tokeni, imalowa mu waleti yawo ya MetaMask kapena Trust Wallet n'kukhala mmenemo. Sizili choncho. Tokeni ya mtundu wa ERC-20 pa Ethereum, kapena BEP-20 pa BNB Chain, ndi pulogalamu yaing'ono, ija amati kontrakiti, imene imasunga kaundula: adiresi yakuti ili ndi matokeni akuti, yakuti ili ndi akuti. Waleti yanu imangosunga kiyi wanu wachinsinsi n'kumawerenga kaundulayo. Mukafuna kutumiza matokeni, mumapempha kontrakiti kuti ichotse pa dzina lanu n'kuika pa dzina la wina, ndipo imene imavomera kapena kukana ndi code imene analemba mwini tokeniyo. Muyezo wa ERC-20, umene unabwera mu 2015, umangotchula mayina a malamulo amene tokeni iyenera kukhala nawo, monga transfer, approve ndi balanceOf. Suletsa wolemba kuikamo zake zina m'kati mwa malamulowo. Atha kulemba kuti transfer idziyamba yafunsa kaye ngati wotumizayo ali pa mndandanda wa okondedwa, ndipo tokeniyo ikhalabe ERC-20 yovomerezeka pa msika.

Apa ndi pamene pamachokera misampha imene amaitcha honeypot. Mukagulitsa tokeni pa misika ya pa intaneti ngati PancakeSwap kapena Uniswap, kwenikweni mumatumiza matokeni anu ku adiresi ya thumba la malonda, lija amati liquidity pool, ndipo thumbalo limakubwezerani ndalama ya crypto ya BNB kapena ETH. Popeza adiresi ya thumbalo imadziwika, n'kosavuta kulemba kuti matokeni ochoka m'thumba adzidutsa, koma opita m'thumba adzikanidwa pokhapokha akuchokera kwa mwini wake. Zikatero aliyense amagula, palibe amagulitsa, ndipo mtengo umangokwera. Ndi zimene zinachitika ndi tokeni ya SQUID pa BNB Chain yomweyi kumapeto kwa Okutobala 2021. Inatenga dzina la sewero lotchuka la ku South Korea ngakhale panalibe ubale uliwonse ndi eni sewerolo. Inayamba pa mtengo wa pafupifupi senti imodzi ya ku America, ndipo pa 1 Novembala inafika pa madola oposa 2,800 tokeni imodzi. Ogula ankaona chuma chikuchuluka pa foni, koma akayesa kugulitsa zinkakanika. Tsiku lomwelo eni ake anachotsa ndalama m'thumba, pafupifupi madola 3.3 miliyoni, mtengo n'kugwa mpaka kusowa m'mphindi zochepa. Kuyambira pamenepo, ine ndikaona tchati chokwera chokhachokha popanda ogulitsa, sindisangalala ayi.

Tsopano za mwini. Makontrakiti ambiri amagwiritsa ntchito chidutswa cha code chotchedwa Ownable, chochokera ku kampani ya OpenZeppelin. Chimasunga adiresi imodzi ngati mwini, ndipo lamulo lililonse lolembedwa kuti onlyOwner limamvera adiresi imeneyo yokha. Pachokha si choipa. Nkhani ili pa malamulo amene aikidwa pansi pake.

Loopsa kwambiri ndi mint, lija webusaiti yakuchenjezani nalo, lopangira matokeni atsopano. Ndikufuna muone ndi masamu chifukwa chake kutsekera liquidity sikukutetezani kwa lamulo limeneli. Tiyerekeze kuti m'thumba muli matokeni 1,000,000 ndi BNB 100. Misika ngati PancakeSwap ya mtundu wamba imasunga lamulo lakuti mukachulukitsa nambala ziwirizi, yankho likhale chimodzimodzi pambuyo pa malonda alionse, ndipo pano yankho ndi 100,000,000. Mwini mphamvu ya mint akadzipangira matokeni 99,000,000 kwaulere n'kuwagulitsa m'thumbamo, matokeni m'thumba afika 100,000,000, ndiye kuti BNB yotsala iyenera kukhala 1 yokha. BNB 99 yapita m'waleti yake, kupatula kamsonkho kochepa ka msika. Liquidity ikadali yotsekeredwa monga analonjezera, satifiketi yake ikadali pa intaneti, koma chotsekeredwacho ndi mulu wa matokeni opanda pake. Sanathyole loko aliyense. Walowera pa khomo la malonda monga wogulitsa wina aliyense.

Msonkho nawo uli ndi njira yake. Matokeni ambiri a pa BNB Chain amadula magawo angapo pa 100 alionse munthu akagula kapena kugulitsa, ponena kuti ndi za malonda kapena zogawana. Mumagula msonkho uli pa 5 peresenti, mumavomera. Funso ndi lakuti lamulo losinthira msonkho, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi dzina ngati setFee kapena setTax, lili ndi malire kapena ayi. Kontrakiti yolembedwa moona mtima imakhala ndi mzere woyamba ndi mawu akuti require, wonena kuti msonkho sungapose nambala yakuti. Ngati mzerewo palibe, mawa msonkho wogulitsira utha kufika pa 99 peresenti. Palibe wakuletsani kugulitsa, koma pa matokeni 100 mulandira mtengo wa imodzi, pomwe adiresi za mwini wake anazichotsa kale pa msonkho ndi lamulo la excludeFromFee. Lamulo la maxTxAmount, loika malire a matokeni ogulitsa nthawi imodzi, limagwiranso ntchito yomweyo akalitsitsa kufika pa kanambala kosathandiza. Amaliika ponena kuti akuteteza anthu wamba kwa ogula akuluakulu, ndipo nthawi zina n'zoonadi.

Palinso pause, loimitsa kutumiza konse, ndi blacklist, loletsa adiresi imodziimodzi. Pa awiriwa ndifuna ndikuchenjezeni mbali inayo, kuti musamathawe chilichonse chimene makina ounika aika chizindikiro chofiira. USDT ya kampani ya Tether, tokeni yotsatira mtengo wa dola, imene mwina mukufuna kugulira tokeni yanuyo, ili ndi lamulo loika adiresi pa blacklist, ndiponso lina lotchedwa destroyBlackFunds lowononga matokeni a adiresi yoletsedwayo. USDC ya kampani ya Circle ili ndi blacklist, ili ndi pause, komanso ndi proxy. Mu Ogasiti 2022, boma la America litaika chiletso pa Tornado Cash, pulogalamu yobisa komwe ndalama za crypto zachokera, Circle inaumitsa USDC pafupifupi 75,000 imene inali m'maadiresi okhudzidwa. Makampani awiriwa amapanganso matokeni atsopano pafupipafupi, poti ndiyo ntchito yawo. Ndiye mphamvu zonse zimene zikukuopsani pa tokeni yanuyo, ziliponso pa matokeni amene anthu mamiliyoni amagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Kusiyana kwake n'kwakuti awa ndi makampani odziwika, a atsogoleri odziwika nkhope ndi mayina, amene mabungwe a boma amatha kuwafunsa ndi kuwalipiritsa chindapusa, ndipo bizinesi yawo ingathe tsiku limene angabere makasitomala. Mutha kusagwirizana ndi mphamvu zawozo, ndipo ambiri sagwirizana nazo, koma mukudziwa amene wagwira kiyi. Tokeni ya m'gulu lanu, wagwira kiyi ndani? Ngati yankho ndi chithunzi cha katuni ndi dzina lopeka, mphamvu zomwezo zasanduka chinthu china.

Tifike pa mawu amene akukunyengererani nawo kwambiri, akuti umwini anausiya. Mu Ownable muli lamulo la renounceOwnership. Mwini akaliitana, adiresi ya mwini imasanduka ziro yokhayokha, ija imayamba ndi 0x n'kutsatira maziro, imene palibe ali ndi kiyi wake. Kuchokera apo malamulo onse a onlyOwner amafa. N'zabwino, koma onani mawuwo: a onlyOwner okha. Mphamvu iliyonse imene inaikidwa pansi pa dzina lina imatsala yamoyo.

Njira yofala ndi maudindo. OpenZeppelin yomweyo ili ndi chidutswa china chotchedwa AccessControl, chogawa maudindo monga MINTER_ROLE ndi DEFAULT_ADMIN_ROLE. Munthu atha kusiya umwini pamaso pa gulu, n'kutumiza chithunzi cha umboni pa Telegram, udindo wopanga matokeni ali nawobe m'waleti ina. Ena savutika n'komwe ndi maudindo: amangolemba adiresi yachiwiri m'kati mwa code, n'kuipatsa dzina losaopsa ngati marketingWallet kapena operator, ndipo lamulo losinthira msonkho limafunsa adiresi imeneyo osati mwini. Ndikuganiza kuti izi ndi zimene zili pa tokeni yanu, poti makina akuti msonkho ungasinthidwe pomwe mwini kulibe. Palinso kachinyengo kakale kamene kanafala m'makontrakiti okopera a 2021: malamulo awiri otchedwa lock ndi unlock. Lock limaika mwini pa ziro kwa kanthawi koma limasunga adiresi yake yakale pamalo ena, ndipo unlock limamubwezera umwini. Woyang'ana pa BscScan, webusaiti yoonetsa zochitika pa BNB Chain, amaona maziro n'kukhutira, osadziwa kuti mwini wangotuluka panja pang'ono. Ndipo ena amachititsa kuti transfer idzikafunsa kontrakiti ina yapadera, imene amati ndi yolimbana ndi ma bot, yomwe code yake sinaonetsedwe. Tokeni ikuoneka yoyera, chigamulo chikuchokera kwina.

Koma chenjezo lalikulu pa atatu mwaonawo ndi la proxy, ndipo pamenepa ndikhalitsapo. Mumamva anthu akunena kuti kontrakiti ikaikidwa pa blockchain siisinthika. N'zoona, koma akatswiri anapeza njira yozungulira. Amaika makontrakiti awiri. Yoyamba, proxy, ndiyo ili ndi adiresi imene inu mukuidziwa, ndipo ndiyo imasunga kaundula wa matokeni. Ilibe nzeru zakezake: pempho lililonse imakabwereka malamulo ku kontrakiti yachiwiri, imene amati implementation. Woyang'anira proxy atha kuiuza tsiku lililonse kuti kuyambira lero udzibwereka malamulo ku kontrakiti yachitatu. Adiresi ikhala yomweyo, dzina lomwelo, matokeni anu akuonekabe m'waleti, koma malamulo onse ndi atsopano. Woyang'anira proxy kawirikawiri amakhala adiresi yosiyana ndi mwini wa Ownable, choncho kusiya umwini sikumukhudza. Izi zikutanthauza kuti chilichonse chimene mungawerenge mu code lero, chilichonse chimene ounika anaunika mwezi watha, chili ndi mphamvu mpaka pamene woyang'anirayo adzafune. Ngati lero mulibe mint, mawa itha kukhalamo.

Si nkhambakamwa. Mu Malichi 2021, kiyi woyang'anira kontrakiti ya tokeni ya PAID Network atagwera m'manja olakwika, amene anamugwirayo anasintha malamulo kudzera pa proxy n'kudzipangira matokeni oposa 59 miliyoni, ena n'kuwagulitsa pa Uniswap mtengo usanagwe. Ndipo kusinthako kutha kupweteka ngakhale popanda wakuba m'nyumba. Mu Malichi 2023 kontrakiti ya tokeni ya SafeMoon inasinthidwa, ndipo m'malamulo atsopanowo lamulo la burn, lowotchera matokeni, linasiyidwa poyera moti aliyense akanatha kuwotcha matokeni a adiresi iliyonse. Wina anaona, anawotcha matokeni a m'thumba la malonda kuti mtengo ukwere, n'kugulitsa ake pa mtengo wokwerawo. Zinapita ndalama pafupifupi madola 8.9 miliyoni. Amene anagula SafeMoon kale anali asanavomere code imeneyo. Inawapeza m'njira.

SafeMoon yomweyo ikutiphunzitsanso za liquidity yotsekeredwa. Munthu akaika ndalama m'thumba la malonda amalandira matokeni a umboni, otchedwa LP, ndipo amene ali ndi LP ndi amene angachotse ndalamazo. Kutsekera liquidity ndiko kuika LP mu kontrakiti ina, monga ya UNCX kapena PinkLock, imene siiwatulutsa mpaka tsiku loikika. Ndiye mafunso ndi awa: atsekera magawo angati a LP yense, mpaka liti, ndipo LP watsopano akupita kwa yani? SafeMoon, imene inayamba mu Malichi 2021, inkadula 10 peresenti pa malonda alionse, theka lake n'kumalowa m'thumba la malonda, ndipo ogula ankauzidwa kuti thumbalo ndi lotsekeredwa. Koma LP wochokera ku msonkhowo ankapita ku adiresi ya mwini. Mu Novembala 2023 bungwe loyang'anira misika ya masheya la SEC ndi oimira boma pa milandu ku America anaimba mlandu akuluakulu a kampaniyo kuti ankatapa m'thumbamo n'kumagulira magalimoto ndi nyumba zapamwamba. Kampaniyo inagwa mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mu Meyi 2025 khoti la ku Brooklyn linapeza mkulu wake, Braden Karony, wolakwa. Awa anali anthu odziwika mayina, okhala m'dziko la makhoti amphamvu, koma zinatenga zaka, ndipo kupezeka wolakwa kwa munthu sikubweza mtengo wa tokeni.

Za chaka chimodzi akukuuzanicho, kumbukiraninso kuti chaka chimatha.

Nanga lipoti la ounika? Choyamba, lipezeni pa webusaiti ya kampani younikayo, osati pa fayilo imene yaponyedwa m'gulu, chifukwa kuika chizindikiro cha kampani younika ngati CertiK pa chithunzi ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Chachiwiri, onani ngati adiresi kapena code yotchulidwa mu lipotilo ndi yomweyo imene mukugula. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera, liwerengeni. Ounika amafufuza ngati code ikuchita zimene eni ake akuti ichite, ndiponso ngati wakunja angaithyole. Akapeza kuti mwini ali ndi mphamvu zochuluka, amalemba pansi pa mutu wa centralization, eni ake n'kuyankha kuti acknowledged, kutanthauza kuti tamva koma sitisintha, lipoti n'kutuluka. Lipoti la CertiK la SafeMoon la mu 2021 linatchula nkhani ya LP wopita kwa mwini ngati vuto lalikulu. Zinalembedwa poyera. Anthu anangomva kuti yaunikidwa n'kuombera m'manja.

Tiyerekeze tsopano kuti eni tokeni yanu ndi anthu abwino, alibe maganizo akuba. Vuto silinathe, chifukwa mphamvu zonse zija zimatsatira kiyi, sizitsatira mtima wa munthu. Amene waba kiyi wa mwini ndiye mwini. Mu Meyi 2024 adiresi ina yokhala ndi udindo wa mint pa tokeni ya GALA inagwiritsidwa ntchito molakwika kupanga matokeni 5 biliyoni nthawi imodzi, ndipo imeneyi ndi kampani yaikulu ya masewero, osati kagulu ka pa Telegram. N'chifukwa chake mapulojekiti osamala saika mphamvu pa waleti ya munthu mmodzi. Amagwiritsa ntchito multisig, monga ya Safe, imene imafuna kuti anthu angapo asainire chinthu chisanachitike. Ndi nzeru yomwe ija ya bokosi la banki mkhonde, lokhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Koma mukudziwa nokha kuti makiyi atatuwo akakhala a banja limodzi, malokowo ndi okongoletsa chabe. Mlatho wa Ronin, wodutsitsa matokeni pakati pa mablockchain awiri, wa masewero a Axie Infinity, unkafuna masaini 5 mwa 9. Anayi anali m'manja mwa kampani imodzi, Sky Mavis, imenenso inali ndi chilolezo chakale chosainira m'malo mwa wachisanu chomwe sichinafafanizidwe. Mu Malichi 2022 akuba analowa m'makompyuta a kampaniyo n'kutenga ETH 173,600 ndi USDC 25.5 miliyoni, ndipo panadutsa masiku 6 anthu asanazindikire. Boma la America linati anachita izi ndi gulu la Lazarus la ku North Korea. Choncho mukamva kuti pali multisig, funsani kuti osainira ndi angati, ndi ndani, ndipo ndi anthu osiyanadi kapena ndi munthu mmodzi wa mawaleti asanu.

Chitetezo chimene ine ndimachilemekeza koposa ndi timelock. Iyi ndi kontrakiti imene imagwira umwini kapena uyang'aniro wa proxy, ndipo kusintha kulikonse kumayamba kwalengezedwa pa blockchain n'kudikira nthawi yoikika, mwachitsanzo masiku awiri, kusanagwire ntchito. Sikuletsa eni ake kuchita choipa, koma imakupatsani mpata woona n'kutuluka. Proxy yokhala pansi pa multisig ya anthu odziwika ndi timelock ya masiku angapo ndi chinthu chimene munthu wanzeru angachiganizire. Proxy yokhala pansi pa waleti imodzi yosadziwika ndi lonjezo la pakamwa basi.

Mwina mufunsa kuti bwanji onse osangosiya mphamvu zonse. Chifukwa code imakhala ndi zolakwika, ndipo kontrakiti yopanda woikonza imafa ndi cholakwika chake. Mu Novembala 2017, kontrakiti imene mawaleti a multisig a Parity ankadalira inapezeka kuti inasiyidwa yopanda mwini woikidwa. Munthu wina anaitana lamulo loyambitsira, anasanduka mwini, kenako anaitana lamulo loiwononga. ETH yoposa 513,000 inaumira m'mawaleti mazana angapo, ndipo palibe anali ndi mphamvu yoitulutsa. Kwa tokeni wamba yongotumizirana, yopanda msonkho ndi zina, kusiya mphamvu zonse n'kwanzeru poti palibe chofuna kukonza. Kwa pulojekiti yovuta, mphamvu zina zimafunika, ndipo chofunika n'chakuti zikhale zochepa, zolembedwa poyera, ndi zomangidwa.

Izi mutha kuziona nokha ngakhale simunaphunzire Solidity, chilankhulo cholembera makontrakiti. Tengani adiresi ya tokeniyo, muiike pa BscScan, mupite pa Contract. Ngati code sinaonetsedwe, palibe kachizindikiro kobiriwira ndipo mukungoona manambala ndi zilembo zosamveka, nkhani yathera pomwepo, musapitirire. Ngati yaonetsedwa, ndipo ndi proxy, mudzaona malo olembedwa Read as Proxy ndi Write as Proxy. Pa Read fufuzani owner muone ngati ndi maziro. Kenako pitani pa Write, chifukwa pamenepo ndi pamene pali mndandanda wa malamulo onse osintha zinthu. Werengani mayina: chilichonse choyamba ndi set, update, mint, pause, exclude, grantRole kapena upgradeTo. Musadalire dzina lokha, poti lamulo lopanga matokeni atha kulitcha dzina lofatsa. Bwererani ku code, mufufuze lamulolo, muone mzere woyamba kuti likumvera yani. Mukapeza adiresi ya woyang'anira proxy, itseguleni payokha: ngati BscScan ikuonetsa kuti ndi kontrakiti, onani ngati ndi multisig kapena timelock, ndipo ngati ndi ProxyAdmin chabe, kontrakiti yongomvera mwini wake posintha proxy, onani mwini wakeyo, koma ngati ndi adiresi wamba ndiye kuti ndi munthu mmodzi ndi foni yake. Pomaliza tsegulani Holders. Mukaona mawaleti ochepa, osakhala thumba la malonda kapena adiresi yowotchera, ali ndi gawo lalikulu la matokeni onse, safunikanso mint kuti akugwetseni, angogulitsa zimene ali nazo. Ochenjera amagawa matokeniwo m'mawaleti makumi angapo, koma mukatsata komwe mawaletiwo analandira BNB yawo yoyamba, kawirikawiri mumafika pa gwero limodzi.

Makina ngati Token Sniffer, honeypot.is ndi GoPlus ndi othandiza, ndipo mwachita bwino kuwagwiritsa ntchito. Muwatenge motere: akapeza vuto, likhulupirireni mpaka mutatsimikiza kuti ali ndi chifukwa chomveka, koma akanena kuti zonse zili bwino, angokuuzani kuti misampha imene amaidziwa sanaione. Olemba misampha nawonso amayesa makontrakiti awo pa makina omwewo asanawatulutse. Chimodzimodzinso langizo lija lakuti gulani pang'ono muyese kugulitsa. Limagwira msampha wotchera kale, koma pa tokeni ya msonkho wosinthika limangokuuzani za lero. Nthawi zambiri amalola anthu kugulitsa masiku oyambirira dala, kuti m'gulu mudzaze zithunzi za anthu amene atulutsa phindu.

Palinso ngozi ina imene ingakhudze ndalama zimene simunaike n'komwe mu tokeniyo. Ngati akukuuzani kuti mugulire pa webusaiti yawoyawo, kapena mulumikize waleti kuti mulandire matokeni aulere, waleti idzakupemphani approve. Chilolezo chimenechi chimapatsa kontrakiti yawo mphamvu yotenga USDT yanu, ndipo nthawi zambiri chimakhala chopanda malire ndipo sichitha chokha. Kontrakiti yopatsidwa chilolezoyo ikakhala proxy, itha kukhala yofatsa lero n'kudzasesa waleti yanu miyezi itatu ikubwerayi. Ngati munalumikiza kale waleti ku webusaiti yawo, lowani pa revoke.cash kapena pa tsamba la Token Approvals la BscScan, muone zilolezo zimene munapereka, mufafanize zimene simukuzidziwa. Zimadya kandalama kochepa ka gas, malipiro a pa blockchain. Ndipo mawu 12 kapena 24 a waleti yanu musawalembe pa webusaiti iliyonse, ngakhale wokupemphaniyo atadzitcha admin.

Muganizirenso komwe mungakadandaule. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Malonda a pa blockchain sabwezeka, PancakeSwap ilibe ofesi yolandira madandaulo a matokeni amene aliyense amaika yekha popanda kupempha, ndipo gulu la pa Telegram limafufutika ndi batani limodzi. Zikavuta, adzakupezani ena olonjeza kukubwezerani ndalama zanu mukawalipira kaye. Amenewo ndi gawo lachiwiri la kuba komweko.

Ndiye pa tokeni yanuyi, maganizo anga ndi awa. Kontrakiti ndi proxy, mint ili yamoyo, msonkho ndi wosinthika, ndipo oyendetsa gulu sanakuuzeni chilichonse mwa zitatuzi, m'malo mwake akukuonetsani umwini wosiyidwa umene sukhudza chilichonse mwa izo. Kubisako kukundivuta kuposa code yeniyeniyo. Ndalama zosunga nthawi yaitali sindingaziike pamenepo. Ngati mtima ukukanabe, lembani m'gulumo mafunso atatu poyera pomwe onse akuona: adiresi yoyang'anira proxy ndi iti ndipo ili ndi timelock ya masiku angati, ndani ali ndi udindo wa mint ndipo malire ake ndi otani, ndi mzere uti mu code umene ukuletsa msonkho kupitirira pomwe uli. Pulojekiti yoona imayankha ndi maadiresi oti mukatsimikize nokha pa BscScan. Akakuyankhani kuti mukufalitsa FUD, kutanthauza mantha ndi chikayiko, kapena uthenga wanu ukafufutidwa inu n'kuchotsedwa m'gulu, musavutikenso kutsegula code.